Musanayenge mafuta a hemp, onani mapepala ndi mbewu yanu

Alimi anzanga, funso limene likubwera kawirikawiri m'makalabu masiku ano ndi ili: popeza boma linaloleza chamba, kodi tingayenge mafuta a njere zake n'kumagulitsa pamsika ngati a mpendadzuwa? Ayi, sizophweka choncho.

Lamulo limene aphungu anavomereza mu February 2020 silinamasule chamba chosuta chija. Linalola chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, chimene ambiri amangoti hemp, ndipo linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority kuti lizipereka ziphaso. Chiphaso cholimira sichokonzera katundu, kumeneko n'kupempha kwina. Chinthu cholowa m'kamwa mwa munthu chimayeneranso kudutsa ku Malawi Bureau of Standards, ndipo mukangolemba pabotolo kuti mafutawo amachiza nthenda, mwalowa m'dera la a PMRA oyang'anira mankhwala.

Tsono pamene pagona nkhani ndi THC, chinthu choledzeretsa chija. Kuno kwathu THC ya mu hemp isapitirire 1 peresenti. Ku America ndi m'maiko a European Union malire ake ndi 0.3 peresenti, kotero mbewu imene yakhoza mayeso ku Lilongwe ikhoza kukanidwa ndi wogula wakunja. Mufunseni mlingo wake musanafese, ndipo aulembe m'mgwirizano.

Njere payokha ilibe THC yodetsa nkhawa. Vuto ndi utomoni wa maluwa umene umamatirira ku makoko pomenya. Njere zosapetedwa bwino, zosakanikirana ndi timasamba ndi zinyalala za maluwa, zimatulutsa mafuta olephera ku labotale. Petani mobwerezabwereza, muumitse pamthunzi podutsa mphepo, osati pathanthwe lotentha, chifukwa mafuta ake sachedwa kuvunda fungo. Musachedwenso kukolola, pakuti THC imakwera duwa likamakhwima.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chathu chosunga mbewu. Pa mtedza kapena nandolo n'chanzeru, koma pano chingakuikeni m'manja mwa apolisi. Mungu wa chamba umauluka ndi mphepo mtunda wautali, ndipo tisanamizane, m'madera ena chamba chamakolo chilipo kuseri kwa phiri. Chikakwatitsana ndi hemp yanu, chaka chimenecho simuona kusintha, koma njere mukazibzalanso zimabereka mbewu yosadziwika mphamvu yake. Gulani mbewu yovomerezeka nyengo iliyonse ndipo lisiti lake mulisunge pamodzi ndi chiphaso ndi zotsatira za labotale.

Ndalama za chiphaso, mpanda ndi zoyezetsa n'zolemera kwa mlimi mmodzi, n'chifukwa chake ambiri amalowera m'makopaletivi. Musanapereke ndalama yolembetsera, pemphani kuona chiphaso cha gululo ndi maso anu, muone dzina, malo a munda ndi tsiku lothera ntchito. Munda umene sunalembedwe pa chiphasocho ulibe chitetezo, ngakhale tcheyamani atalumbira chotani.