Bar wamaliza koma pupillage palibe, upange bwanji?

Ku England ukangoitanidwa ku Bar (kulandiridwa kukhala barrister, loya woyankhula mukhoti) ndi Inn yako, bungwe la ma barrister lomwe unalowa, kaya Gray's Inn kaya Middle Temple, sikuti basi wayamba kuyimilira anthu mukhoti ngati barrister ayi, pamafunika kaye pupillage, kuphunzira ntchito pansi pa barrister wodziwa kale, nthawi zambiri miyezi 12. Ndipo samala, ukamagwira ntchito zamalamulo usanachite pupillage usakadzitchule barrister, BSB, bungwe loyang'anira ma barrister, imaletsa zimenezo.

Ndiye poyamba werenga nthawi yako, uli ndi zaka 5 kuchokera pomwe unamaliza kosi ya Bar kuti uyambe pupillage, chaka chilichonse aplaya pa webusayiti ya Pupillage Gateway olo akukane kangati.

Podikira usangokhala. Saka ntchito ya paralegal (wothandizira maloya), kapena yoyimilira timilandu ting'onoting'ono ku County Court, mmawa wanyamula mafayilo atatu, jaji akukufunsa za ngongole ya nyumba iwe thukuta kamukamu, koma mmenemo ndi mmene pakamwa pamatsekukira. Ku Free Representation Unit ku London umathandiza anthu ulele pa milandu ya kuntchito, ma chambers, maofesi a ma barrister omwe amapereka pupillage, amazikonda kwambiri zimenezo pa CV.

Zikakanikadi pali mayeso a SQE, omwe anayamba 2021, ukhale solicitor, loya wa mtundu winawo. Ena amaiona ngati kugonja, ine sindikuona choncho, solicitor nayenso amatha kupeza chilolezo choyankhula m'makhoti akuluakulu.