Momwe mungakonzere chakudya cha Thanksgiving osaiwala kuthokoza

Ku United States, Lachinayi la nambala 4 m'mwezi wa Novembala mabanja amasonkhana kudyera pamodzi ndi kuthokoza. Pulezidenti Abraham Lincoln analengeza tsikuli kukhala la dziko lonse mu 1863, nkhondo yapachiweniweni ili mkati. Chimene chimaliwononga kawirikawiri si ndiwo zosakoma ayi, koma wophika amene wathera tsiku lonse kukhitchini n'kufika patebulo ali wefuwefu, mawu othokoza osatuluka. Choncho ntchito muigawe pa masiku angapo.

Lamulungu madzulo: yambani kusungunula nkhukundembo

Nkhukundembo ndiyo ndiwo yaikulu ya tsikuli. Werengerani theka la kilogalamu pa munthu mmodzi. Ya makilogalamu 6 imakwanira anthu 12. Ngati ndi youma ndi chisanu, imafuna tsiku lathunthu mu firiji pa makilogalamu awiri aliwonse kuti isungunuke. Iikeni m'mbale pa shelefu yapansi kuti madzi ake asadonthere zakudya zina. Mukachedwa, iviikeni m'madzi ozizira ili m'pulasitiki yosabooka, pafupifupi ola limodzi pa kilogalamu, n'kumasintha madziwo mphindi 30 zilizonse, kenako muiphike pompo. Osaisiya pamtunda usiku wonse: kunja kumafunda ndipo tizilombo timaswana, m'kati mukadali gwa.

Lachitatu: zonse zodyedwa zozizira

Wiritsani magalamu 340 a cranberry (tizipatso tofiira towawasa todyera nkhukundembo) ndi kapu imodzi ya shuga ndi imodzi ya madzi kwa mphindi 10, mpaka ziphulike; zimalimba zokha zikazizira. Pie ya maungu muphikenso lero. Zina monga mbatatesi ndi masamba, gawirani alendo abwere nazo. Munthu amene wabweretsa mbale yake amamva kuti phwandolo ndi lakenso.

Lachinayi: kuwotcha

Pisani dzanja m'mimba ndi kukhosi kwa nkhukundembo, mutulutse kathumba ka chiwindi ndi nthutumba. Ambiri amakaiwala n'kukapeza pocheka. Osaitsuka, chifukwa madzi othovukira pa sinki amamwaza tizilombo. Ingoipukutani iume, muipake mchere ndi batala.

Uvuni ukhale pa madigiri 163, omwe ndi 325 pa muyeso wa Fahrenheit wa mauvuni a ku America. Ya makilogalamu 6 imatenga maola atatu mpaka atatu ndi mphindi 45. Vuto lake n'lakuti chidali chimapsa msanga kuposa ntchafu, ndiye chikangofiira chiphimbeni ndi foyilo. Musadalire wotchi kapena maonekedwe a khungu. Bayani choyezera kutentha m'kati mwa ntchafu, osakhudza fupa, ndi pamnofu waukulu wa chidali. Ponse pafike madigiri 74.

Buledi wokazinga ndi anyezi amene ena amasokera m'mimba mwake ndi bwino kumuphika m'mbale yapayokha. Akakhala m'kati amayamwa madzi a nyama yaiwisi ndipo amachedwa kufika pa 74. Pomwe azifika, chidali chauma kale.

Ikapsa, ipumitseni mphindi 20 kapena 30 musanacheke, apo ayi madzi onse amathera pa thabwa. Msuzi wake ndi wachangu: pa kapu iliyonse, kazingani masupuni awiri a fulawa m'masupuni awiri a mafuta otsala m'chiwaya, n'kumathira madzi a nyama pang'onopang'ono mukutakasa kuti usachite mibulu.

Nthawi yothokoza

Mphindi zopumitsira nyamazi ndizo nthawi yabwino. Mukadikira kuti chakudya chigawidwe, chimazizira ndipo ana maso amakhala pambale. Wophika avule epuloni akhale pansi ngati ena onse.

Uzani alendo pasadakhale kuti aliyense adzatchula chinthu chimodzi. Chikhale chenicheni: "ndikuthokoza achemwali pondiperekeza kuchipatala" chimafika pamtima kuposa "ndikuthokoza chifukwa cha zonse". Woyamba akhale munthu wosachulutsa gaga m'diwa, chifukwa otsatira amatengera iye. Anthu 12, mphindi imodzi aliyense, nyama ikadali yofunda. Wosafuna kulankhula musamukakamize, makamaka amene waferedwa chaka chimenecho. Koma dzina la malemu litchulidwe, popeza kulilambalala kumapweteka kuposa kulimva. Ngati banjalo limapemphera, pemphero libwere pomaliza, lalifupi. Ophika athokozedwe powatchula mayina.

Ana akafunsa chiyambi cha tsikuli, auzeni zonse. Mu 1621 atsamunda a ku England anadya phwando la zokolola ku Plymouth, m'dera la Massachusetts ku America, pamodzi ndi anthu a mtundu wa Wampanoag, omwe anawathandiza kulima chimanga. M'zaka zotsatira eni nthakawo analandidwa malo ndipo ambiri anafa, n'chifukwa chake kuyambira 1970 ena mwa iwo amasonkhana ku Plymouth tsiku lomweli kudzalira, osati kusangalala.

Mukatha kudya

Amene sanaphike ndiwo atsuke mbale. Zotsala zilowe mu firiji pasanathe maola awiri, nyama itachotsedwa pamafupa ndi kuikidwa m'timakontena tosazama kuti izizire msanga. Idyedwe m'masiku atatu kapena anayi, ndipo poitenthetsa ifikenso madigiri 74. Ina longedzerani alendo, osaiwala mnansi amene tsikuli lamupeza yekha.