Ntchito ikayamba kugwedezeka: zoti muchite kalata isanafike

Malipiro akayamba kuchedwa, anthu ochoka osalowedwa m'malo, mabwana n'kumangokhalira misonkhano chitseko chili chotseka, musadikire kalata yokuchotsani ntchito.

Yambani ndi mapepala anu: kontirakiti, mapepala a malipiro a miyezi 12 yapitayi, ndi chiwerengero cha masiku atchuthi omwe simunapume. Ambiri amapunthwa pomwepa. Amasiya zonse mu imelo ya kuntchito kapena pa kompyuta ya mu ofesi, ndiye tsiku lomwe auzidwa kuti ntchito yatha, pasiwedi imatsekedwa ola lomwelo. Pokafunsa ndalama zawo, alibe chosonyeza. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, mutumize ku imelo yanuyanu, zina musindikize zikhale kunyumba. Za kampani musakhudze, zimenezo zingakuchotsetseni ntchito chimanjamanja. Funsaninso sitetimenti mwachindunji ku kampani yosunga penshoni yanu, chifukwa olemba ntchito ena akapanikizika amadula pa malipiro koma ndalamazo osazipereka.

Mu kontirakiti werengani za notisi ndi ndalama zolipira munthu akachotsedwa. Pangano nambala 158 la 1982 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, koma limamanga mayiko okhawo amene analivomereza, choncho onani lamulo la dziko lanu. Pepala lililonse lomwe akupatsani, musasaine tsiku lomwelo. Kaliwerengeni kunyumba mtima uli m'malo.

Pa ndalama, werengetsani zofunika zokhazokha pamwezi, lendi, chakudya, mayendedwe ndi sukulu, muchulukitse katatu. Ndizo muyambe kusunga pang'onopang'ono. Ngongole ya kuntchito musatenge nthawi ngati ino: kawirikawiri yotsala imadulidwa yonse pa malipiro omaliza. Katapila ndiye musayandikire n'komwe.

Nkhawa yosadziwa za mawa imadya thupi, ngakhale ntchitoyo isanathe: tulo timasowa, BP imakwera, kunyumba mumangopsa mtima. Mu 2022, WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ndi ILO ananena kuti masiku ogwira ntchito pafupifupi 12 biliyoni amatayika chaka chilichonse chifukwa cha nkhawa ndi matenda okhumudwa. Uzani akunyumba momwe zilili, musasenze nokha. Kusowa tulo kukapitirira milungu iwiri, pitani kuchipatala.

Kenako konzani CV, mupemphe anthu awiri odzakuchitirani umboni mudakali pantchito, muuze anzanu akale kuti mukufunafuna. Aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye kuti akupezereni malo, ameneyo ndi wakuba.