Musanalipire puloti pa Nchalo, Ngabu kapena Bangula

Ntchito yanga ndi yomanga nyumba kuno kuchigwa cha Shire, ndipo ambiri amandiitana ndalama ya puloti atapereka kale. Nchalo, Ngabu ndi Bangula asanduka matauni ife tikuona: magolosale m'mbali mwa M1, akabaza, nyumba za lendi za ogwira ntchito ku mizimbe ya Illovo. Koma m'madera ambiri malo akugawidwabe mwakumudzi, popanda woonetsetsa kuti msewu udzadutsa pati, ngalande pati. Ntchito imeneyo yagwera inu ogula.

Yambani ndi madzi. Musakaone puloti mu Okutobala mokha, nthaka ili gwa. Pitani mu Januwale kapena Febuluwale, mvula itagwa usiku. Ngati simungadikire, funsani agogo a nyumba yoyandikana kuti madzi a 2015, a namondwe wa Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 adafika pati. Wogulitsa sangakuuzeni zimenezi. Yang'ananinso makoma a nyumba zakale, chifukwa mzere wa matope sufufutika msanga. Malo amene kale anali dimba kapena njira ya madzi ochokera kumapiri, kaya atchipe bwanji, asiyeni.

Kenako kumbani dzenje lofika m'chiuno. Dothi lakuda la makande, lomwe ndi lochuluka cha ku Ngabu, limang'ambika m'chilimwe n'kufufuma mvula ikagwa, ndipo limathyola khoma latsopano. Pamenepo maziko amafuna kuzama, miyala, ndi zitsulo mu konkire. Ndimamva chisoni munthu akagula malata okongola koma n'kuumira simenti ya pansi. Kwezaninso khonde, ndipo dzenje la chimbudzi mulimangire njerwa kuti lisagumuke. Kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira. Madzi a pamjigo wapafupi alaweni, chifukwa mijigo yambiri kuno imatulutsa a mchere.

Za mapepala musachite manyazi. Malamulo a malo adasintha mu 2016 n'kukonzedwanso mu 2022, choncho pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya Chikwawa kapena Nsanje, mukafunse ngati malowo ndi a mafumu, a boma kapena a lizi, komanso ngati lamulo likulola kuti akhale anu. Funsaninso mtunda woyenera kusiya kuchokera pamsewu ndi pansi pa nthambo za ESCOM. Kwa amfumu mupite ndi wogulitsayo pamodzi ndi abale ake, osati iye yekha. Milandu yambiri imabuka mwana kapena mchimwene akabwera kuchokera ku Joni n'kupeza munda wa makolo uli ndi mpanda. Oyandikana nawo onse aimirire pamalire tsiku lozika zizindikiro, ndipo asainire.

Chimene ndimachonderera kwambiri n'choti musiye njira. Mita imodzi kapena awiri amaoneka ngati mwataya malo, koma ndaona wodwala akunyamulidwa pamachira chifukwa galimoto ilibe polowera. Gwirizanani ndi anzanu a mzere umenewo, aliyense abwerere mmbuyo pang'ono, mukumbe ngalande imodzi yotsetserekera kumunsi osati pakhomo pa mnzanu. Mukatero lembani zomwe mwagwirizana, mupereke kwa amfumu ndi ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), ndipo khansala wanu akazitule ku khonsolo. Kope lina musunge nokha m'pepala la pulasitiki, pamwamba pomwe madzi sangafike.