Ufa wa chammwamba wa mwana unkachita chuku

Azakhali amatitumizira masamba a chammwamba kuchokera ku Chikwawa, komwe mtengowu umapezeka pafupifupi pakhomo lililonse ndipo amayi amathira ufa wake m'phala la mwana wofooka kapena amene wangochira kumene. Vuto linali lakuti kuno ku Ndirande, chiperoni chikabwera mu Juni ndi Julayi, masamba sankauma bwino. Ufa unkada, kununkha chinyontho, kenako chuku. Zoterozo sindingampatse mwana ayi.

Kuyanika padzuwa nakonso kumachotsa kubiriwira ndi mavitamini ena. Tsopano ndimatsuka masamba, kuwapulula kutimitengo take, n'kuwayala mopyapyala pamalichero awiri m'chipinda chopita mphepo, osaunjika. Ndimawatembenuza m'mawa ndi madzulo. Akafika pofumbutuka ndikawafinya m'manja, mpamene ndimasinja mumtondo wouma, kusefa, n'kuthira m'botolo lotseka bwino lomwe ndimasunga pamdima. Ndimasinja wochepa, wa mwezi umodzi basi. Supuni yaing'ono ndimathira phala litaphulidwa kale.

Ine ndi azakhali tinagwirizananso kuti chammwamba n'chakudya chompatsa mphamvu mwanayu. Akatentha thupi timathamangira kuchipatala kukayezetsa malungo tsiku lomwelo, ndipo akatsegula m'mimba timayamba ndi Thanzi ORS.