Momwe mungapitire kumudzi pa camper kuchoka ku Harare, injini ya dizilo osakukhazikani panjira

Ambiri a ife amene tinakulira ku Mbare, Highfield, Mufakose kapena Epworth, koma makolo athu anachokera ku Malawi, tinazolowera kupita kumudzi pa basi ya pa Roadport, katundu pamiyendo, ana akulira. Koma kombi yakale ikachotsedwa mipando yakumbuyo, n'kuikidwa bedi, kabati ndi mbaula ya gasi, imasanduka camper, galimoto yoti mumagonamo ndi kuphikamo. Mumaima pomwe mwafuna, ndipo ndalama ya malo ogona imatsala m'thumba. Za kukhoma bedi sindinenapo zambiri, anyamata owotcherera zitsulo ku Magaba amazitha tsiku limodzi bola muwauze muyeso. Nkhani ili pa injini, chifukwa msewu wa Harare, chipata cha Nyamapanda, Tete ku Mozambique mpaka Blantyre ndi wa makilomita pafupifupi 600, ndipo pakati pake pali malo aatali opanda galaja.

Choyamba dziwani injini yomwe muli nayo. Ma camper ambiri kuno ndi Toyota Hiace za injini ya 3L kapena 5L, kapenanso Nissan Caravan za TD27 ndi QD32. Kuyambira 2021 boma la Zimbabwe linaletsa kulowetsa galimoto zazing'ono zopitirira zaka 10, choncho zakalezi zimangosinthana manja mommuno, ndipo wokugulitsani aliyense amalumbira kuti inali ya abusa, sinanyamuleko anthu. Musamvere. Injini za Toyota zija zimayendera lamba wa timing, ndipo lambayo amasinthidwa pa makilomita 100,000. Akaduka muli pa liwiro, mavavu amagundana ndi mapisitoni, ulendo watha. Ngati palibe pepala losonyeza tsiku lomwe anasinthidwa, sinthani musananyamuke, pamodzi ndi tensioner yake, kachitsulo kokunga lambayo. Za Nissan zija zimayendera magiya, vuto limenelo zilibe.

Kenako servisi yanthawi zonse, mlungu umodzi ulendo usanafike, osati dzulo lake, kuti ngati china chikudontha muchione mukadali m'tauni. Oyilo wa 15W-40 wa injini za dizilo, fyuluta ya oyilo yatsopano, ndipo muzibwereza pa makilomita 5,000 alionse. Fyuluta ya mpweya igwedezeni, ikakhala yakuda itayeni. Oyilo wogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu musamuyandikire, ena amangosefa wakale. Gulani wa m'chigubu chomata, ndipo yang'anani chidindo cha pachivundikiro chisanatsegulidwe pamaso panu.

Tsopano pomwe ndikufuna tikhalepo: dizilo ndi fyuluta yake.

Injini ya dizilo imapirira zambiri, koma madzi ndi mpweya m'mapaipi a mafuta ndiye adani ake. Ine zinandionekera kutsogolo kwa Mutoko, dzuwa likupendeka. Pamalo omwetsera mafuta omwe ndinaima panalibe dizilo, ndipo mnyamata wina wa zigubu anandigulitsa wake, akuti wotsitsa m'thiraki. Titayenda pang'ono galimoto inayamba kutsokomola, kutaya mphamvu pachitunda, utsi woyera kumbuyo, kanyali ka fyuluta n'kuyaka pa dashibodi. Kenako zii. Titatsitsira pang'ono m'botolo loonekera, madzi anakhala pansi, dizilo pamwamba, mzere wake woonekeratu. Fyuluta yomwe inalimo, yogula motchipa pa kashopu kena ka mu Kaguvi Street, inali feki: bokosi lokongola, koma pepala la mkati litafewa ngati nsima ya dzulo yothiridwa madzi. Mumsewu umenewo muli mashopu achilungamo ambiri, vuto n'lakuti zenizeni ndi zachinyengo zimagona pa shelefu imodzi. Wogulitsa akakufunsani kuti mukufuna ya original kapena inayo, ndipo inayo mtengo wake ndi theka, dziwani chomwe mukugula. Yeniyeni imalemera m'manja, mazinga ake ndi osalala, zolemba zake sizifufutika ndi chala.

Kuchotsa madzi n'kosavuta mukadziwa pogwira. Pa Hiace injini ili pansi pa mpando wakutsogolo, tukulani mpandowo. Fyuluta ya dizilo ili ndi kapampu kozungulira pamwamba pake, ndipo pansi pake pali kotsegulira kapulasitiki komwe kali ndi waya wa sensa. Ikani botolo lodula pansi, masulani kotsegulirako kawiri kapena kawiri ndi theka, osachotseratu, ndiye popani pamwamba ndi chikhatho. Poyamba patuluka madzi, mwina a dzimbiri. Pitirizani mpaka patuluke dizilo woyera. Mangani ndi dzanja lokha. Pulayala ayi, pulasitiki ija imathyoka, ndipo ikathyokera kutchire mulibenso pogwira.

Ngati madzi anali ambiri, sinthani fyuluta yonse, n'chifukwa chake ndimati nyamulani ziwiri zapadera. Chotsani waya, masulani fyuluta yakale, sunthirani sensa ija ku yatsopano ndi kamphira kake katsopano, pakani dizilo pang'ono pa mphira wapamwamba, mangani ndi manja. Amakaniko ena amadzaza fyuluta yatsopano ndi dizilo wa m'chigubu kuti achepetse kupopa. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa dizilo ameneyo wina amalowa mbali yosefedwa kale n'kupita ku pampu yaikulu ya injini ndi zinyalala zake. Popani basi. Mupopa nthawi yaitali, dzanja lichita dzanzi, koma kapampuko kakayamba kulimba ndiye kuti mpweya watha.

Apa m'pomwe anthu amaphera batire. Mukapopa n'kuliza koma osadzuka, musakakamire kiyi. Lizani masekondi 10 kapena 15, pumitsani sitata mphindi imodzi, popaninso. Ikakanabe, mpweya wafika ku ma injector, timipopi topopera dizilo mu injini. Tengani sipanala ya 17, masulani pang'ono manati a mapaipi pomwe alowera ku ma injector, awiri akwanira, wina alize injini. Patuluka thovu, kenako dizilo wolavula mwamphamvu. Mangani manati, lizani, idzuka monjenjemera kenako n'kukhazikika. Nkhope ndi zala zikhale patali pochita zimenezi. Ndipo chenjezo lalikulu: njira imeneyi ndi ya injini zakale za pampu wamba. Ngati yanu ndi yamakono ya common rail, monga 1KD kapena 2KD zolembedwa D-4D, musamasule paipi iliyonse injini ikulira, mphamvu ya mafuta m'menemo imaboola khungu. Zimenezo mungopopa pa fyuluta, zikakanika itanani wodziwa.

Ngati thanki yonse yadzaza madzi, kusintha fyuluta n'kungogula nthawi. Muzitsitsa madzi pafupipafupi mpaka mufike pomwe angakhuthule thankiyo. Tsiku limenelo tinkaima, kutsitsa, kuyenda, kuimanso, mpaka tinakagona pa Nyamapanda chipata chitatsekedwa. Ubwino wa camper ndi womwewo, bedi linali pomwepo.

Pali chinyengo china chomwe botolo silionetsa: dizilo wosakaniza ndi parafini. Galimoto imayenda bwinobwino, koma parafini alibe mafuta oterera omwe pampu imadalira, ndiye pampu imadyeka pang'onopang'ono, ndipo kukonzetsa pampu kumadya ndalama zoposa ulendo wonse. Nunkhizani, ndipo tikitani pakati pa zala: dizilo weniweni amaterera, wosakaniza amauma msanga. Njira yachidule ndi kudzaza thanki mu Harare pamalo odziwika, dizilo wa mtundu wa Diesel 50, ndi kudzazanso mu mzinda wa Tete musanakwere ku Zobue, pa malire a Malawi, popeza ku Malawi mafuta amasowa nthawi zina ndipo mizere yake siyoti mlendo aime. Mitengo ya kuno amalengeza a ZERA, bungwe la boma loona za mafuta, mukapeza wina akugulitsa motsika kwambiri kuposa pamenepo, dzifunseni kuti phindu lake likuchokera kuti. Komanso thanki isamagone yopanda kanthu usiku, chinyezi cha mkati chimasanduka madzi omwewo.

Chachiwiri chomwe chimapha injini panjira imeneyi ndi kutentha. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, Tete ili pansi m'chigwa cha Zambezi, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kumeneko kumapitirira madigiri 40. Kuchoka apo mumakwera zitunda za ku Zobue galimoto italemedwa ndi matumba a shuga ndi mabulangete a azakhali. Musananyamuke tsukitsani rediyeta, thirani coolant, madzi apadera oziziritsa injini, osati madzi a pachitsime, sinthani chivundikiro chake, n'chotchipa. Finyani mapaipi a mphira, ofewa kwambiri kapena ong'aluka achoke. Amakaniko ena amachotsa thermostat, kavavu kowongolera kutentha kwa injini, akuti kuno n'kotentha, auzeni aibwezere. Pachitunda tsikani giya msanga, injini izizungulira momasuka. Muvi wa kutentha ukayamba kukwera, zimitsani AC, yatsani hita ngakhale mukuwauka, imani pambali injini ikulirabe kuti izizire. Chivundikiro cha rediyeta yotentha sachitsegula, ndipo madzi ozizira sathira mu injini yowira, hedi imasweka. Ngati ili ndi turbo, ilire kaye mphindi ziwiri musanazimitse.

Magetsi a m'nyumbamo, firiji ndi mafoni, akhale pa batire lachiwiri lolekanitsidwa ndi la injini. Dizilo imafuna batire lamphamvu m'mawa, ndipo Hiace yodzaza katundu simungaikankhe anthu awiri. Mbaula ya gasi musaphikire zitseko zili zotseka, ndipo ya makala isalowe m'kati ngakhale kuzizire bwanji, utsi wake umapha anthu ali m'tulo. Neti yoteteza udzudzu ikhalepo, chigwa cha Zambezi ndi cha malungo.

Mapepala: buku la galimoto, layisensi ya galimoto ya ZINARA (bungwe la misewu) yosatha, chikalata cha apolisi chosonyeza kuti galimoto si yakuba, ndi kalata ya mwini wake ngati dzina la m'buku si lanu. Pa Nyamapanda a ZIMRA, a za misonkho, akupatsani chilolezo chotulutsira galimoto kwakanthawi, mbali ya Cuchamano mutenga cholowetsera ndi kugula inshuwalansi ya ku Mozambique. Inshuwalansi ya Yellow Card ya COMESA imagwira ntchito ku Malawi, iguleni mu Harare. Anyamata othamangira pawindo kuti akuthandizeni mapepala, akaneni mwaulemu, pitani nokha pa kauntala. Ma triangle awiri, vesiti yowala ndi chozimitsira moto zikhale pafupi, osati pansi pa bedi, apolisi amafunsa. Madola ang'onoang'ono a pa tollgate, chenji chimavuta.

Zotsalazo mukuzidziwa. Matayala apadera awiri ngati malo alipo, jeke yoti mwaiyesa, fanibeluti, mafyuzi, waya, madzi okwanira anthu ndi rediyeta. Nyamukani m'bandakucha kuti muwoloke Tete dzuwa lisanafike pamutu. Usiku musayende: ng'ombe, mathiraki a miyala a ku Mutoko ndi a malasha a ku Moatize saona kombi. Pogona sankhani pomwe pali alonda, ndipo m'mawa uliwonse musanalize onani oyilo, madzi ndi pansi pa galimoto. Opita ku Blantyre atulukira pa Zobue kulowa Mwanza, a ku Lilongwe akhotera ku Calomue kulowa Dedza. Mukabwerako sinthani fyuluta ya dizilo ngakhale ioneke yabwino.