Musanalipire ulendo wa pa sitima yapamadzi, yerekezani zinthu izi

Chaka chilichonse cha mu November, sitima ya kampani ya MSC Cruises imafika ku Durban kuchokera ku Ulaya, ndipo imakhala ikunyamula anthu opita kokapuma mpaka cha mu March kapena April. Ife Amalawi okhala kuno ku Joni tayamba kuikwera ndithu: magulu a amayi a chipereganyu, achinyamata amene angomanga banja kumene, ngakhalenso abale ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe amene amabwera pa basi n'cholinga chomwecho. Pafupifupi aliyense amandifunsa kuti, "Achemwali, yotchipa ndi iti?" Ine ndimawabwezera funso lina. Nyanja itavuta, n'kulephereka kutsika pena paliponse, kodi mungasangalale kukhala m'sitimayo masiku onsewo? Ngati simungasangalale, si sitima yanu imeneyo, ngakhale mtengo wake utsike bwanji.

Funsoli lili ndi chifukwa chake. Maulendo ambiri afupiafupi ochokera ku Durban amapita ku Portuguese Island, kachilumba koyandikana ndi Inhaca pafupi ndi Maputo, kapena ku Pomene, m'chigawo cha Inhambane. Malo awiri onsewa alibe doko loti sitima yaikulu n'kukocheza. Imaponya nangula patali, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono pagulupagulu. Amene anakwerapo Ilala ku Nkhotakota akudziwa mmene zimakhalira, kungoti mafunde a nyanja yamchere ndi ena. Kaputeni akaona kuti boti silingayandikire bwino, amalengeza kuti lero palibe wotsika, ndipo mawu ake ndi omaliza. Onjezani kuti miyezi imeneyi ndi yomweyo ya anamondwe m'dera lino la nyanja ya Indian. Ife amene abale athu anaona za Freddy mu March 2023 sitifunika kuuzidwa zambiri. Makampani amalemberatu m'mapepala awo kuti ali ndi ufulu wosintha njira, choncho chimene mukugula motsimikiza ndi sitimayo. Gombe ndi bonasi.

Nambala ziwiri zimene zithunzi sizionetsa

Zithunzi za pa intaneti amajambula m'mamawa, dziwe losambiramo lili mbee, mipando ili yopanda anthu. Kuti mudziwe ngati mukapanikizana, fufuzani nambala ziwiri. Yoyamba amaitcha gross tonnage, ndipo imayeza kukula kwa malo a m'kati mwa sitima, osati kulemera kwake. Yachiwiri ndi chiwerengero cha apaulendo, powerengera anthu awiri m'chipinda chilichonse. Gawani yoyambayo ndi yachiwiriyo. Yankho likakhala lalikulu, ndiye kuti munthu aliyense ali ndi malo ambiri.

Tiyeni tiyese ndi sitima zimene zakhala zikubwera kuno. MSC Opera ndi ya pafupifupi 65,500 ndipo imanyamula anthu 2,150. Mukagawa mupeza 30. MSC Musica ndi ya 92,400, anthu 2,550, yankho 36. MSC Splendida, imene inali kuno nyengo ya 2023 mpaka 2024, ndi ya pafupifupi 138,000, anthu oposa pang'ono 3,200, yankho 42. Mwaona? Sitima yonyamula anthu ambiri ndi imenenso ili ndi mpata waukulu kwa munthu mmodzi. Sitima za kunja nazonso mungaziwerengere chimodzimodzi. Icon of the Seas ya Royal Caribbean, imene inayamba kuyenda kuchokera ku Miami mu January 2024, ndi ya 248,663 ndipo imanyamula anthu 5,610, yankho 44. Queen Mary 2 ya Cunard imafika pa 55.

Koma samalani ndi December. Sukulu zikatsekera, mabedi am'mwamba onse amatsitsidwa, m'chipinda cha awiri mumagona anayi. Pamenepo gwiritsani ntchito nambala ya anthu onse amene sitimayo ingathe kunyamula. Ya Opera imayandikira 2,700, ndipo 30 uja amatsika kufika pa 24. Ya Icon of the Seas ndi 7,600. Mzere wa chakudya cham'mawa ndi wodikira chikepe ndi umene umakuuzani kusiyana kwake.

Si kuti yaikulu ndiye yabwino nthawi zonse, ayi. Ngati mukupita ndi mayi anu okalamba amene mawondo amawavuta, sitima yaing'ono ngati Opera ndi yosavuta kuizolowera, ndipo kuchoka kuchipinda kukafika kodyera si mtunda. Icon of the Seas ndi yotalika mamita 365. Kuiyenda kangapo pa tsiku ndi ntchito. Onaninso chaka chimene sitimayo inapangidwa ndi chaka chimene anaikonzanso. Opera ndi ya 2004, koma mu 2015 anaidula pakati ku Palermo n'kuikapo chigawo chatsopano cha mamita 24, chokhala ndi zipinda zina. Musica ndi ya 2006, Splendida ndi ya 2009. Sitima yakale yosamalidwa bwino ilibe vuto, kungoti musakayembekezere masewera a m'madzi amene ana anu anaona pa YouTube m'sitima zatsopano za ku America.

Chipinda

Zipinda zilipo mitundu inayi: cham'kati chopanda zenera, chokhala ndi zenera losatseguka, chokhala ndi khonde, ndi zikuluzikulu zodula. Pa ulendo wa masiku atatu ine ndimati tengani cham'kati, ndalama yotsalayo ikagwire zina. Mumangogonamo basi, ndipo mdima wake umagonetsa tulo tabwino. Koma ulendo ukakhala wautali, monga wa ku Mauritius umene umatenga pafupifupi masabata awiri, ambiri mwa masikuwo muli pakati pa madzi, khonde limasanduka chinthu chofunika. Kukhala panja nokha m'mawa, kapu ya tiyi m'manja, popanda nyimbo za padziwe, kumapumitsa mutu kuposa zonse zimene amalengeza.

Chofunika kwambiri kuposa mtundu wa chipinda ndi pamene chili. Tsegulani mapu a sitimayo, amapezeka pa tsamba la kampani, muone nsanjika imene ili pamwamba panu ndi imene ili pansi panu. Chipinda chabwino chimakhala ndi zipinda zogona pamwamba ndi pansi pomwe. Mukakhala pansi pa dziwe kapena pa malo odyera a buffet, pamene anthu amadzitengera okha chakudya, mudzadzuka mbandakucha ndi phokoso la mipando ikukokedwa. Mukakhala pamwamba pa malo ovinira, ng'oma idzakuperekezani mpaka usiku kwambiri. Amene mumachita nseru m'basi, sankhani pakati pa sitima, nsanjika za m'munsi, chifukwa kutsogolo ndi m'mwamba ndi kumene kumagwedezeka kwambiri. Izi n'zofunika makamaka pa njira ya Durban kupita ku Cape Town ndi ya Cape Town kupita ku Walvis Bay, kumene nyanja siichedwa kukwiya. Mankhwala a chizungulire gulani pa famasi musanakwere, ndipo imwani sitima isananyamuke.

Zinthu zina ziwiri. Mukaona mawu akuti obstructed view, ndiye kuti pazenera panu patchingidwa ndi boti lopulumutsira anthu. Mukaona akuti guarantee, ndiye kuti mwalipira mtundu wa chipinda koma kampani ndi imene idzasankhe pamene chili. N'chotchipa, inde, koma ngati muli gulu lofuna kuyandikana, kapena muli ndi ana m'chipinda china, musatenge.

Mtengo weniweni

Apa ndi pamene ndimafuna anthu akhale pansi ndi pepala ndi bolopeni. Mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu uja ndi wa munthu mmodzi, poganiza kuti m'chipinda mugona awiri. Mukapita nokha mumalipira moonjezera, nthawi zina pafupifupi mtengo wa anthu awiri. M'kati mwa mtengowo mumakhala chipinda, chakudya cha m'malo odyera aakulu ndi cha buffet, ndi zisudzo za madzulo. Zotsalazo funsani chimodzichimodzi, ndipo akuyankheni molemba: msonkho wa padoko, ndalama ya ogwira ntchito imene amawerengera usiku uliwonse pa munthu aliyense, inshulansi, zakumwa, intaneti, maulendo a kumtunda, ndi malo odyera apadera. Mukaphatikiza zonse gawani ndi chiwerengero cha usiku umene mugone. Nambala imeneyo ndi imene muyerekeze pakati pa sitima ziwiri. Kawirikawiri imene inkaoneka yotchipa imapezeka kuti yafanana ndi inzake.

Makampani amasiyana pa zimenezi. P&O Cruises ya ku Britain inasiya kulipiritsa padera ndalama ya ogwira ntchito mu 2019, pamene makampani ambiri a ku America amaionjezerabe tsiku ndi tsiku pa bilu. MSC kuno imakonda kulengeza kuti ana amakwera ulere akagona m'chipinda chimodzi ndi akuluakulu awiri, komabe msonkho wa padoko ndi tina n'tina mumawalipirira. Ndalama ya ogwira ntchitoyo ine sindiidandaula. Mnyamata amene amayala bedi lanu amakhala miyezi yambiri osaona ana ake, akugwira ntchito tsiku lililonse popanda Lamulungu. Ingoikani m'bajeti kuyambira pachiyambi.

Za zakumwa, werengani moona mtima. Kampani imagulitsa phukusi la zakumwa la ulendo wonse, ndipo nthawi zambiri akuluakulu onse a m'chipinda chimodzi amayenera kuligula. Ngati bambo amamwa mowa koma mayi ndi a fanta imodzi pa tsiku, phukusilo lingakudyereni ndalama. Madzi akumwa, tiyi ndi khofi wamba zimapezeka zaulere ku buffet.

M'sitima simugwira ndalama m'manja. Amakupatsani khadi imene ndi kiyi wa chipinda, chiphaso chotsikira ndi kukwerera, komanso chikwama chanu. Mitengo ya m'kati pa maulendo ochokera ku Durban imakhala m'madola a ku America, choncho zinthu zimaoneka zotchipa mpaka mutazisintha m'malandi kapena m'makwacha. Yang'anani bilu yanu madzulo alionse. Amene mukuchokera ku Malawi, ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, pitani kubanki kusanachedwe mukafunse kuti khadi yanu ingalipire zingati kunja, chifukwa sitima imatsekeratu ndalama ina pa khadi mukangoilembetsa. Foni nayo, sitima ikangochoka padoko, ikani pa airplane mode. Pakati pa nyanja imalumikizana ndi netiweki ya setilaiti ya m'sitima, imene mtengo wake umadya mayunitsi m'kanthawi kochepa.

Mukwera ndi ndani

Sitima yomweyo imasintha khalidwe malinga ndi tsiku lonyamuka. Ulendo wa usiku utatu wonyamuka Lachisanu umadzaza ndi achinyamata ndi magulu a maphwando, nyimbo zimalira usana ndi usiku. Wa usiku unayi wonyamuka Lolemba, sukulu zili m'kati, umakhala wodekha, wa mabanja ndi achikulire. Maulendo ena amakhala obwerekedwa ndi okonza zoimbaimba, ndiye funsani musanatengere gulu la amayi a mvano pa ulendo wa madansi. Abale athu a ku Britain ali ndi mwayi wosankha zambiri pa doko la Southampton. Iona ya P&O imanyamula anthu pafupifupi 5,200 kupita ku Norway, ndipo ndi ya mabanja. Queen Mary 2 imawoloka kupita ku New York usiku 7 osaima paliponse, ndipo madzulo ena amafuna suti ndi diresi lalitali. Wina zimenezo zimamukomera, wina zimamutopetsa. Dzidziweni nokha.

Chakudya n'chochuluka m'sitima zonse, kusiyana kuli pa kadyedwe. M'malo odyera aakulu amakupatsani nthawi ndi tebulo, mwina pamodzi ndi anthu osawadziwa, ndipo ngati muli gulu pemphani tebulo limodzi polipira pomwe. Amene muli ndi matenda a shuga, kapena mumadya za halaal zokha, nenani nthawi yomweyo. Nsima musaidalire.

Mapepala ndi chitetezo

Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala kuchokera tsiku lobwerera. Yang'anani dziko lililonse limene sitimayo iime, ngakhale mulibe maganizo otsikako, chifukwa akhoza kukukanizani kukwera ku Durban komweko. Réunion ndi gawo la France, ndipo wa pasipoti ya Malawi amafunika viza, komanso viza wamba ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, siigwira ntchito kumeneko. Okhala ku Britain ndi pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen popita ku Norway kapena ku Spain. Ana tengerani zikalata zawo za kubadwa, ndi kalata ya chilolezo ya kholo limene latsala. Mayi woyembekezera amene wafika masabata 24, makampani ambiri samulola kukwera. Chipatala chilimo m'sitima, koma n'cholipira, ndipo n'chifukwa chake inshulansi si yodumpha.

Sitima isananyamuke, aliyense amayenera kuphunzira kavalidwe ka jekete yoyandamitsa ndi kudziwa malo ake osonkhanira. Lamuloli linakhwimitsidwa Costa Concordia itagunda mwala ku Giglio, ku Italy, pa 13 January 2012, anthu 32 n'kumwalira. Kuno kwathu kum'mwera, Oceanos inamira pa 4 August 1991 pa gombe la Wild Coast ikupita ku Durban, ndipo anthu onse 571 anapulumuka. Musatenge phunziroli ngati chotayitsa nthawi. Yendani ndi ana kuchoka pachipinda kukafika pamalo osonkhanirawo pogwiritsa ntchito masitepe, chifukwa pa ngozi chikepe sichigwiritsidwa ntchito.

Mukatsika pa doko ngati la Maputo kapena Port Louis, jambulani ndi foni chikwangwani cholemba nthawi yobwerera, ndipo tsatirani wotchi ya m'sitima, chifukwa ya foni imatha kusintha yokha, ndipo Mauritius ili patsogolo ndi maola awiri. Mukapita ndi ulendo wokonzedwa ndi kampani n'kuchedwa, sitima imakudikirani. Mukapita ndi takisi yanu n'kuchedwa, imanyamuka, ndipo ndalama ya ndege yokaipezera kutsogolo imachoka m'thumba mwanu. Konzani zoti mukhale mutafika pakhomo pa sitima kutatsala ola lathunthu.